Kompyuta ya Kukiliniki Itakana Kudzuka

Abusa, akulu ampingo, amayi ndi abambo, abale ndi alongo anga, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye Yesu. Ndikufuna kuchitira umboni. Mundipirire, chifukwa umboni wa lerowu uli ndi manyazi anga mkati.

Ambiri mumandidziwa. Ndinakulira m'malaini a pa esiteti ya tiyi, ndipo pano ndimagwira ntchito pa esiteti yomweyo, mu ofesi ya makompyuta. Ena munaona kuti Lamulungu lathali sindinabwere. Sindinadwale ayi. Ndinali m'moto, abale.

Ndiyambe ndafotokoza ntchito yanga pang'ono kuti timvane. Kuntchito kwathu kuli makina aakulu otchedwa seva. Ndi bokosi limodzi, koma mkati mwake mumakhala makompyuta angapo opanda thupi, iliyonse ndi ntchito yake, ngati mmene laini imodzi imasungira mabanja angapo. Mwathu munali asanu. Mwa asanuwo, imodzi inali ya kukiliniki ya pa esiteti. Mmenemo ndi mmene muli mbiri ya odwala onse: amene amalandira mankhwala a mwezi ndi mwezi, a shuga, a bipi, amayi oyembekezera, zotsatira za magazi, mankhwala amene thupi la munthu limakana.

Tsono chilolezo cha pulogalamu imene imayendetsa seva yakale chinali kutha Lolemba. Anatigulira seva yatsopano, ya pulogalamu ina, n'kuiika ku ofesi yaikulu. Yakaleyo inali ku fakitale, kutsidya kwa minda. Ntchito yanga inali yosamutsa makompyuta asanu aja kuchoka ku yakale kupita ku yatsopano. Ndikamaliza, seva yakaleyo ifufutidwe yonse, chifukwa Lolemba m'mawa inali kupita ku esiteti ina.

Lachinayi abwana anga anandiitana. Anati, "Mayi, bakapu mwaiyesa?" Bakapu, abale, ndi kope limene timasunga padera kuti zinthu zikawonongeka tibwezeretse. Kuiyesa ndi ntchito ya tsiku lathunthu. Ine ndinali nditatopa, ndipo tsiku lililonse pulogalamu inkandionetsa kachizindikiro kobiriwira koti zonse zili bwino. Ndinawayang'ana m'maso n'kunena kuti, "Ndaiyesa, bwana."

Sindinaiyese. Ine amene ndimaimba mu kwaya muno, ndinanama. Ndinanama, abale.

Pofika Lachisanu madzulo makompyuta anayi anali atasamuka, ndipo onse anadzuka bwinobwino. Yachisanu, ya kukiliniki ija, inali ikadali kukopedwa. Mtima unali m'malo moti ndinasaina pepala lololeza kufufuta, n'kulipereka kwa bambo Chikopa, mkulu amene amasamalira makina a ku fakitale. Ndinawauza kuti, "Mawa 2 koloko masana muyambe kufufuta. Musadikirenso ine."

Loweruka ndinafika ku ofesi cha m'ma 12 koloko, ndekha. Kunja kuli chiperoni, phiri losaoneka n'komwe. Ndinadina kuti kompyuta ya kukiliniki idzuke pa seva yatsopano. Sikirini yakuda. Timawu toyera m'mwamba, toti palibe poyambira. Ndinazimitsa, ndinayatsanso. Yakuda. Kachitatu. Yakuda.

Nditafufuza ndinapeza kuti magetsi anathimapo kanthawi kukopa kuli mkati, ndipo chimene chinafika kwa ine chinali choduka. Ndinadzilimbitsa mtima, ndinati palibe vuto, bakapu ilipo. Ndinaitsegula.

Abale, ya kukiliniki munalibe. Makompyuta enawo analimo, koma iyo inali itasiya kusungidwa kalekale, kachizindikiro kaja kakungobiriwira. Ndikanayesa Lachinayi, ndikanadziwa.

Ndinayang'ana nthawi. 1 koloko itapitirira ndi mphindi makumi awiri. Kope lokhalo lamoyo padziko lonse linali mu seva yakale, ndipo bambo Chikopa anali ndi pepala la saini yanga m'manja.

Ndinawaimbira. Foni sikulowa. M'chipinda cha makina ku fakitale mulibe netiweki, makoma ake ndi ochindikala. Ndinaimbira ku geti ya fakitale, palibe woyankha. Ndinaimbanso, ndinaimbanso. Njinga yamoto ya ku ofesi inali itapita ku Chitakale. Wapansi ndikanafika zonse zitatha. Galimoto yokhayo imene inali pafupi inali ya abwana, kunyumba kwawo kuseri kwa ofesi.

Apa ndi pamene mdyerekezi anandiyandikira. Musamuone ngati amabwera ndi nyanga ayi, amabwera ndi nzeru. Anati, khala chete. Lolemba udzangonena kuti magetsi ndiwo anaononga zonse, bakapu yomwe. Ndani angakutsutse? Pa esiteti pano amene amamvetsa zinthu izi ndi iwe wekha. Koma ukapita kwa abwana, akufunsa kuti bwanji osagwiritsa ntchito bakapu munayesa ija, ndiye uyankha chiyani? Ntchito ithera pomwepo, nyumba ya kampani utulukemo, ana ako awiri upite nawo kuti?

Ndinakhala pampando. Ndikuvomereza pamaso panu, ndinakhaladi, mwina mphindi zisanu, ndikuganiza zokhala chete.

Ndiye ndinakumbukira mayi wina wa m'laini mwathu amene buku lake la kuchipatala linanyowa n'kung'ambika nthawi ya mvula. Iye sadziwa dzina la mankhwala ake. Amangofika pawindo, anamwino n'kuyang'ana mu kompyuta. Ndipo pali mankhwala ena amene anamutupitsapo thupi lonse, zimenezo zinalembedwa mmenemo basi. Ndinagwada pansi pa desiki. Pemphero langa silinali lalitali. Ndinangoti, "Ambuye, ndanama, ndipatseni miyendo."

Ndinathamanga. Ndinawapeza abwana ali pakhonde ndi alendo. Ndinafika ndili wefuwefu, osapereka ndi moni yemwe. Ndinati, "Bwana, ndinakunamizani. Bakapu sindinaiyese. Ya kukiliniki mulibe, ndipo a Chikopa akufufuta 2 koloko."

Abwana anandiyang'ana, anayang'ana wotchi yawo. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti, "Kwerani galimoto."

Msewu wa m'minda mukuudziwa mmene umakhalira kukagwa chiperoni. Matope oterera, kutsogolo osaona patali. Galimoto ikuvina uku ndi uku. Ine maso ali pa wotchi ya m'galimoto. Tili pakati pa ulendo tinakumana ndi thirakita yodzaza tiyi, ngolo yake itatitimira pa kamlatho, msewu wonse watsekeka. Abwana analiza hutala. Woyendetsa anangokweza manja, atani? Nthawi imeneyo 2 koloko inali itakwana.

Abwana anati, "Tsikani, thamangani. Ine ndizungulira."

Ndinavula nsapato. Ndinadutsa m'tiyi momwe, nthambi zikundikala, siketi yonse yonyowa. Ndinagwa kawiri. Ndikuthamanga ndikulira, pakamwa pali mawu amodzi okha, Yesu, Yesu, Yesu. Mlonda wa pa geti atandiona anayesa kwachitika maliro.

Ndinakankha chitseko cha chipinda cha makina. Bambo Chikopa ali pampando, magalasi pamphuno, pepala langa lili pambali pawo, dzanja pa mausi. Ndinakuwa, "Bambo, imani!"

Anadzidzimuka. "Mwana wanga, kwagwanji?"

"Mwafufuta angati?"

"Atatu. Yachinayi ndi iyi ikuthayi."

"Ya kukiliniki?"

Anayang'ana pa pepala, n'kutsata ndi chala pang'onopang'ono. Anati, "Imeneyo ndiye yotsatira."

Ndinakhala pansi pa simenti ndi matope anga onse. Iwo anati, "Mukanandipeza nditamaliza kale. Ndinafuna kuyamba msanga kuti ndikaone mpira, koma tcheni cha njinga chinandidukira panjira, ndafika wapansi ndikuikankha. Ndatukwana njira yonse."

Tcheni cha njinga, abale! Mulungu amene analenga phiri ili anagwira ntchito ndi tcheni cha njinga. Alekeni Mulungu akhale Mulungu!

Abwana atafika anaima pakhomo. Bambo Chikopa anawauza kuti ilipo. Anapumira m'mwamba, n'kundiuza kuti, "Simuchoka pano mpaka mutaikopa kawiri, ndipo muiyese ine ndikuona." Ndi chifukwa chake Lamulungu simunandione. Tinakhala tsiku lonse atatu. Masana a Lamulungu ndinadinanso pa seva yatsopano. Sikirini inada kaye, ine ndinatseka maso. Ndinamva bambo Chikopa akuti, "Yadzuka." Tinatsegula mayina a odwala mmodzimmodzi, onse alimo.

Lolemba kiliniki inatsegulidwa monga mwa masiku onse. Anamwino anangondiimbira kudandaula kuti pakompyuta pawo zilembo zikuoneka zing'onozing'ono. Sindinasangalalepo ndi dandaulo ngati limenelo.

Lachiwiri abwana anandiitana mu ofesi. Ndinalowa nditalongedza kale katundu wanga mumtima. Anandipatsa envelopu, n'kunena kuti, "Munandinamiza, ndipo zimenezo sindingazilekerere. Koma munabwera nokha pamene mukanatha kubisa. Bwererani ku ntchito."

Envelopuyo ndi iyi, ndabwera nayo. Ndi kalata ya chenjezo lomaliza. Ikhala mu failo yanga, ndipo chaka chino za kukwezedwa ndiiwale. Inandiwawa, sindinama. Koma ndaiwerenga kangapo, ndipo nthawi iliyonse ndimathokoza, chifukwa ndikanakhala chete bwenzi ndilibe kalatayi, ndili woyera pamaso pa kampani, wina atamwa mankhwala olakwika chifukwa cha ine.

Abusa, mundipempherere, lilime ili lisadzabwerezenso. Ambuye Yesu, zikomo pondidzutsa pampando paja. Ndipo inu abale anga, musandimvere chisoni. Imirirani, amayi imbani nthungululu, tikondwere limodzi, chifukwa ndinachimwa koma palibe amene wavulala ndi tchimo langa. Aleluya! Amen.