Dimba limene amayi sanamalize kujambula

Malemu anabadwa pa 9 Febuluwale 1951, tsiku limene mvula inagwa mpaka kumiza mlatho, moti azamba anafika mwana atalira kale. Anali achitatu m'banja la ana asanu.

Sukulu anayamba mu 1958. Atamaliza sekondale analowa ntchito ku positi, komwe anadinda makalata mpaka kupuma. Mu 1974 anamanga banja ndi amakaniko a sitima zapamtunda, munthu wosayankhulayankhula. Malemu ankakonda kunena kuti pakhomo pawo pakamwa pamodzi pamagwirira ntchito anthu awiri.

Atapuma pa ntchito mu 2007 anadabwitsa abale. Analembetsa maphunziro ojambula zithunzi ndi penti wamafuta, m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya zitsulo. Wowaphunzitsa anali wolemba zikwangwani, wamsinkhu wa mwana wawo woyamba, koma ankamutchula kuti aphunzitsi mpaka mapeto. Chithunzi choyamba chinali cha ng'ombe kubusa. Adzukulu anafunsa chifukwa chake agogo ajambula matebulo okhala ndi michira. Malemu anaseka mpaka misozi, nakagulanso penti wina. Malaya akale a amuna awo anathera kupukutira maburashi, ena asanakalambe n'komwe.

Mu 2019 anayamba chithunzi chachikulu: dimba lakuseri kwa nyumba, mpanda wake, minda ndi mapiri akutsidya. Penti wamafuta safuna phuma. Umayamba thambo n'kudikira liume, kenako mapiri n'kudikiranso, zapafupi zimabwera pomaliza. Pamene ankafika pa maluwa, maluwawo anali atafota. Choncho chaka ndi chaka amuna awo ankabzalanso mbewu zomwezo m'mizere yomweyo, maluwa ofiira chakumpanda, achikasu chakumpopi. Oyandikana nawo ankati bambowa nzeru zinawathera pomwepo. Iwo ankangobzalabe.

Mu Juni 2023 malemu anadwala sitiroko, dzanja lamanja n'kufooka. Anaphunzira kugwira burashi ndi lamanzere. Amuna awo ankawafinyira penti ndi kuwasakanizira, uku akudzudzulidwa kuti kubiriwira kwawoko n'kwa mabogi a sitima, osati kwa masamba. Imfa sankaiopa. Chinkawasowetsa mtendere n'chakuti angasiye dimbalo lili theka. Anajambula mpaka Lachiwiri lapitali, ndipo Lachinayi, pa 14 Malichi 2024, anatisiya ali kuchipatala. Pakona yakumunsi ya chithunzicho, pamene panayenera kukhala geti, patsala poyera.

Asiya amuna awo, ana anayi, adzukulu asanu ndi awiri, ndi mng'ono wawo mmodzi. Banja likuthokoza anamwino amene anawasamala, aphunzitsi awo amene ankabwera kudzawaona osawerengera, anzawo akale a ku positi, ndi oyandikana nawo amene ankathandiza kuwatulutsira pakhonde ndi mpando wawo. Inu nonse mwabwera kudzatipukuta misozi, zikomo kwambiri. Amayi athu ause mumtendere. Agwira ntchito ndi manja onse awiri.

Ambiri mwafunsa za chithunzicho. Mukhoza kukachiona, koma musachikhudze, penti sanaume. Dzulo ana anapempha kuti aphunzitsi amalize konayo, poti ndi ntchito yochepa ndipo amayi ankafunitsitsa ithe. Aphunzitsi anavomera. Amuna a malemu anakana, ndipo anawa, powadziwa bambo awo, sanafunsenso. M'mawa uno bambowo anakhoma msomali pabalaza, napachika chithunzicho momwe mwiniwake anachisiyira.