Makina anga osokera anasanduka masipika

Aulutsi ndi omvera nonse, ndine mayi wa ku Bangwe, ndipo ndikulemba mtima ukuwira. Amuna anga anaona pafoni kuti ma DJ otchuka akunja amalandira mamiliyoni pa dansi imodzi, ena mpaka ali ndi ndege zawozawo. Lamulungu lina pochokera kutchalitchi ndinapeza makina anga osokera palibe. Anali atagulitsa n'kugula masipika.

"Mayi, dekhani," anatero. "Anzathu kunjaku amangodina batani, ndalama mbwee!"

Ntchito yawo yoyamba inali ukwati wa mng'ono wanga ku Chilomoni. Perekaniperekani atayamba, m'malo moika nyimbo zimene azimayi amavina akuponya ndalama, iwo anaika zakunja zija zopanda mawu, gu-gu-gu basi. Palibe anadzuka. Lichero linabwerera lopanda kanthu. Achemwali anga aakulu anakuwa kuti, "Alamu, tabwera kudzafupa, sitinabwere kuchigayo!"

Mng'ono wanga sandilankhula mpaka lero. Makasitomala anga anapita kwa telala wina. Koma bambowa akuti otsalira ndife.

Inu ma DJ a ndege, tumizani imodzi idzawatenge. Ine ndatopa kuwadyetsa.