Zimene Magazi a Cecilia Ananena

Olemekezeka a Bwanamkubwa a boma lino la Mulanje, olemekezeka Abusa, akuluakulu a ku esiteti amene mwatipatsa chipindachi, adokotala ndi anamwino, makolo, ndi inu osewera hoke amene mwakhala kutsogoloku ndodo zili pamiyendo, ndakulonjerani nonse.

Ndinaphunzitsa hoke zaka makumi atatu, ndipo ndinkadzitama kuti mwana waulesi ndimamudziwa pongomuyang'ana. Mu 1994 ndinali ndi mnyamata wina, Alufeyo, waluso kwabasi, koma chigawo choyamba chikangotha ankagwira m'mawondo, ali wefuwefu. Ndinkamuthamangitsa m'mizere ya tiyi monga chilango, mapeto ake ndinamuchotsa mu timu.

Chaka chathachi mwana wake, Cecilia, anayamba zomwezo, moti anangotsala pang'ono kusiyidwa pa ulendo wa ku mpikisano wa ku Blantyre. Anamwino atapempha kuti amuyeze magazi, bambo ake anakaniratu: "Iyayi, magazi a mwana wanga mukupita nawo kuti?" Musaseke, abale, mphekesera za anamapopa zija zinatisowetsa mtendere tonsefe. Anavomera atawalonjeza kuti aimirira pomwepo n'kumaonerera.

Timagazi take tosadzaza n'supuni yomwe! Koma makina a kuchipatala anaonetsa kuti mchere wa ayironi wachepa m'magazimo, mpweya sukufika mokwanira m'minofu, ndiponso minofuyo sikupeza mpata wochira akasewera. Anamupatsa mankhwala, anamusinthira zakudya, anamuikira masiku opuma. Patatha miyezi itatu, Cecilia anathamanga mpaka wezulo yomaliza ku Blantyre, n'kumwetsa zigoli ziwiri. Ee, muombereni m'manja, ndi uyo waweramayo.

Ine ndinangogwira pakamwa, ndipo mpaka lero ndikadali wozizwa. Magazi alibe lilime, koma ananena tsiku limodzi zimene maso angawa analephera kuona zaka zonse zija. Mulungu analemba zambiri m'matupi mwathumu. Amene tinachedwa kuwerenga ndife.

Bambo Alufeyo, ndikukuonani kumbuyoko. Sindidzadziwa zimene magazi anu akananena nthawi ija, chifukwa sindinafunse. Ndinangokutchani waulesi pamaso pa anzanu. Ndinalakwa, mundikhululukire.

Makolo amene mukadali ndi mantha, penyani, ndakwinya kale malaya. Anamwino, yambani ndi mkono wanga uwu, anthu onse akuona.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti chipinda choyezera magazi a osewera athu a hoke chatsegulidwa tsopano. Zikomo kwambiri.