Pulogalamu Yanga Inkapatsa Ana Makilo a Anzawo

Moni abale ndi alongo nonse amene mumawerenga tsamba lino. Ine ndine Yohane Tembo wa ku Katete, ndimalemba mapulogalamu a pafoni. Ndikufuna ndikuuzeni za masabata awiri amene ntchito yanga inatsala pang'ono kutha. Musayembekeze kumva za mfiti kapena za mdani, chifukwa dzenjelo ndinadzikumbira ndekha ndi matama anga.

Kabungwe kamene ndimagwirako ntchito kamayang'anira ana a sikelo m'midzi ya ku Sinda ndi ku Vubwi. Amayi odzipereka amayeza ana mwezi ndi mwezi pansi pa mtengo, ndipo ine ndinawapangira pulogalamu yolembamo makilo a mwana aliyense. Mwana akatsika makilo dzina lake limafiira, a ku ofesi n'kumutumizira chiponde. Nditaimaliza ndinkayenda mapewa m'mwamba pamsika wa Katete, ngati kuti foniyo ndinachita kuiumba ndine.

Patapita miyezi itatu zinthu zinayamba kununkha. Ana onenepa bwinobwino ankalandira chiponde, pomwe kamtsikana ka zaka ziwiri ka ku Vubwi, dzina lake Chikondi, kankangofota pulogalamu ikunena kuti kakukwera. Mayi ake anachita kukabereka kupita nako kuchipatala mapazi atatupa kale.

Bwana wathu, a Mwanza, ndi munthu amene luso lake lalikulu ndi kumanga tayi. Anandiitana nati, "A Tembo, sisitemu yanu iyi yatichititsa manyazi maningi. Pofika Lachisanu la wiki ya mawa, kaya mwakonza, kaya mutisiyire laputopu na makiyi." Mkazi wanga anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ku Katete kuno wolemba mapulogalamu akachotsedwa ntchito alibenso khomo lina logogoda. Ndinachita mantha kwambiri.

Ndinayesa pulogalamuyo muofesi kambirimbiri, ndipo nthawi zonse inkagwira bwino. Apa munthu wanzeru akanakwera minibasi kukaona kumudzi. Ine ndinatenga njira ya anthu opepera ophunzira, ndinayamba kufuna wondisenzera mlandu. Ndinaona kuti zolakwika zambiri zimachokera pafoni ya amayi Tikambenji Phiri, wodzipereka wa ku Vubwi amene ankayeza Chikondi. Ndinalemba lipoti lakuti amayiwa sukulu inawadutsa patali, ndipo zala zozolowera khasu sizingathe kudina foni. Mawu amenewo ndinawalemba ndi manja angawa, ndipo ndinkaona ngati ndalemba zanzeru. A Mwanza anasaina osawerenga n'komwe, nalamula kuti amayiwo abweze foni.

Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Amayi Phiri atangoleka kulemba, zolakwika zomwezo zinapitirira kubwera kuchokera kumafoni ena. Ndinafunsa anzanga a pagulu lathu la olemba mapulogalamu, anthu amene tsiku lonse amangotchulana maina a zida zatsopano za kunja. Wina anati ndizimitse foni ndi kuyatsanso. Wina anati anthu akumudzi ndi choncho basi. Awo ndiwo akatswiri athu, ndipo ine ndinali mmodzi wa iwo.

Lachitatu la sabata yachiwiri, nthawi ya nkhomaliro, ndinalowa m'tchalitchi mwathu muli zii. Masiku onse am'mbuyo ndinkapemphera kuti Mulungu aonetse anthu kuti ine sindinalakwe, ngati kuti Mulungu ndi loya wanga. Tsiku limenelo ndinalibenso mawu okometsera. Ndinangoti, "Ambuye, nzeru zanga zathera pano. Ndionetseni pamene ndalakwa, ndipo ana aja asavutike chifukwa cha ine."

M'mawa mwake muofesi munalowa mayi wamfupi wa chitenje chotuwa ndi fumbi la ulendo, foni ataikulunga m'pepala la shuga. Anali amayi Phiri, atabwera kudzabweza foni. Ndinatambasula dzanja osawapatsa ndi mpando womwe, koma iwo sanaisiye. Anati, "Foni yanu nayi, bambo. Koma musanailandire ndikuuzeni chimene imachita, popeza a bwana ndinawaimbira kawiri, anangoti ndizidina bwino."

Anafotokoza kuti mwana ukamupachika pasikelo amalira ndi kuphiriphitha, muvi wa sikelo n'kumavina. Ndiye iwo amadina dzina la mwanayo, kabokosi ka makilo katseguke, n'kudikira kuti mwana akhazikike, nthawi zina mpaka mayi ake amuyamwitse kaye. "Tsono kwathu kuja netiweki imabwera ndi kupita," anatero. "Ikabwera ndili chidikirire, maina amasuntha. Ndikalemba makilo n'kubwerera, ndimawapeza ali pa mwana wina."

Pomwepo ndinadziwiratu chimene ndinachita. Pantchito yathu pali chimene timachitcha data binding, kutanthauza kumangirira kabokosi ka pasikirini ku malo ake mosungira zinthu, kuti chimene walemba chikagwere pamalo pomwepo. Ine mwaulesi ndinamangirira kabokosi ka makilo ku mzere, osati kwa mwana. Ukadina mwana wa pamzere wachisanu, pulogalamu inkangokumbukira kuti wachisanu. Netiweki ikabwera n'kulowetsa maina atsopano, mndandanda unkadzisanjanso, ndipo makilo ankapita kwa aliyense amene wafika pamzere wachisanuwo. Sindinaike ngakhale dzina la mwana pamwamba pa kabokosiko. Muofesi netiweki siduka ndipo palibe mwana wolira woti umudikire, n'chifukwa chake ine sindinkaona kanthu. Cholakwa chotere amachiphunzitsa kwa oyamba kumene, ndipo ndine amene ndinkanyoza anthu za sukulu.

Kukonza kunanditengera masana amodzi okha. Mwana aliyense ndinamupatsa nambala yakeyake yosasintha, kabokosi n'kukamangirira ku nambala imeneyo. Dzina la mwana ndi la mayi ake ndinawaika pamwamba m'malemba akuluakulu. Ndinaletsanso kuti chimene munthu akulemba chizingolowa chokha, tsopano chimadikira mpaka wolembayo atsimikize. Lachisanu ndinaonetsa zonse pamaso pa a Mwanza, iwo n'kumagwedeza mutu ngati akumva. Ntchito yanga inapulumuka. Ndinalembanso lipoti lina lovomera kulakwa kwanga, ndinaliwerenga mokweza pamaso pa anzanga onse, ndipo amayi Phiri anabwezeredwa foni yawo.

Mwezi wotsatira ndinapita ndekha ku Vubwi pa tsiku la sikelo, ulendo umene ndinayenera kuyenda ndisanalembe mzere ndi umodzi womwe wa pulogalamuyo. Ndinamuona Chikondi akupachikidwa, akumenya miyendo ndi mphamvu, ndipo makilo ake anagwera pa dzina lake. Anthu atabalalika ndinapita kwa amayi Phiri ndi kuwaulula kuti lipoti lowachotsa lija ndinalemba ndine, ndipo ndinawauza mawu amene ndinalembamo.

Anapitiriza kumasula chingwe cha sikelo panthambi osandiyang'ana. "Ndinkadziwa, bambo. Lipoti lija anandiwerengera lonse, ndi za khasu zomwe. Ku Katete kuja sindinabwerere inu ayi. Ndinabwerera ana anatsala m'fonimo."

Ndikuthokoza Mulungu amene anasunga ntchito yanga ndi moyo wa Chikondi, ndipo sanandilange monga ndinayenera. Inu amene ntchito yanu ili pa kachingwe lero, musafooke ndipo musaleke kupemphera, Ambuye amamva. Koma mukamaliza kupemphera, mudzifunse kuti ndani mwamupondereza pofuna kudzipulumutsa, ndipo mukamupepese asanayambe iye kukuthandizani. Ine ndinachedwa, ndipo manyazi ake ndidzawasenza moyo wanga wonse. Ambuye akusungeni nonse.