Gwafa wa Padenga

Atatha zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri ali kunja, Mtchona anabwerera kunyumba imene bambo ake anamusiyira pafupi ndi nyanja, n'kupeza khoma la kuchipinda lachita nkhungu, ndipo m'ngalande ya padenga, yolandira madzi a pamalata ija, mwamera mtengo. Mkazi wake, amene zaka zonsezo ankangomva kuti nyumbayo ilibe inzake, ankafika Loweruka kudzaona ngati angakhalemo, choncho Lachinayi mvula itangokata, Mtchona anaitana mlamu wake, mwamuna wa mchemwali wake, amene anamusiyira makiyi.

"Alamu, icho n'chiyani?"

Mlamuyo anatsatira chala mpaka padenga. "Gwafa."

"Ndikuona kuti ndi gwafa. Akutani pamenepo?"

"Akubereka. Koma chaka chino wachepetsa."

"Anadzala ndani?"

"Mbalame. Kuti ndi iti, sindinaione."

"Inu n'kumangopenya?"

"Munati ndisakhudze kalikonse. Ngakhale zipatsozo timadya zokhazo zagwa zokha."

Mtchona anapisa manja m'matumba a jekete lake lakunja, limene m'chinyezi chimenecho linkamuphika ngati ali mumphika. "Ngalande iyi anakhoma bambo ndi manja awo. Malata enieni, osati a masiku ano oti ukayetsemula apindika. Kumene ndinali kuli nyumba zosanja kakhumi, koma ngalande yonga iyi sindinaione. Paipi yake sinadonthepo."

"Mpaka lero sidontha," anavomera mlamuyo. "Mulibe madzi. Onse amatsikira pakhoma."

"Ndi mvula ya masiku ano imeneyo. Kale inkagwa choongoka, mwaulemu."

"Ine ndakhala ndikuiona chaka ndi chaka. Ikuchokerabe kumwamba."

"Nanga bwanji simunandilembere?"

"Ndinalemba. Chaka chachitatu ndinati khoma likuchita thukuta. Munayankha kuti khoma la bambo silichita thukuta."

"Silichita."

"Eya. Kalatayo ndinakaiwerenga mokweza m'chipindamo. Khoma silinasinthe."

Mtchona anagogoda khomalo ndi chala. Chidutswa cha pulasitala chinagwera pansapato yake. Onse awiri anachiyang'ana.

"Mwakhudza," anatero mlamuyo.

"Nyumba ndi yanga."

"N'chifukwa chake sindinakuletseni."

"Mchemwali wanga sananene kanthu zaka zonsezi?"

"Ananena. Anati ndikwere ndichotse masamba. Ndinati mwini wake anakaniza. Anandinyanyalira mlungu wathunthu, kenako anagula mabeseni. Alimo asanu ndi anayi. Lalikulu lili pamene pankakhala bedi lanu."

Mtchona anatsitsa mawu. "Tamverani, alamu. Mayi wa kunyumba uja ndamuuza zambiri. Loweruka akangolowa n'kumva fungo ili, akwera basi yomwe wabwerayo. Ndipo sakwera yekha, andinyamula. Ndikafera kozizira kuja, kumene ngakhale woyandikana naye nyumba sadziwa kuti wamwalira mpaka makalata atadzaza pakhomo."

"Fungolo limazolowereka."

"Pakatha nthawi yaitali bwanji?"

"Ife zinatitengera zaka zinayi."

"Tili ndi masiku awiri. Tengani makwerero, muzule mtengowo, mukokolole zonse."

Mlamuyo sanasunthe. "Ndiye kuti lamulo lija latha?"

"Latha."

"Lonse, kapena la gwafa yekha?"

"Lonse, alamu."

"Chabwino. Kupatula cha pakamwa pa paipi chija."

"Chiti?"

"Chimene munati mudzachotsa nokha."

"Ine sindinanenepo zimenezo."

"Ndiye chikhale."

Mtchona anavula jekete, nalikoleka pachitseko. "Gwirani makwerero. Ndikuonetseni mmene anthu ankagwirira ntchito dziko lisanaonongeke."

Anakwera mawondo akulira, nakhala pamphepete mwa malata. M'ngalande munali matope akuda, mizu, madzi odzaza mpaka m'milomo, ndi udzudzu umene unamulandira ngati mbale wawo. Anapisa dzanja pamene ngalande imakumana ndi paipi, nakoka, nakokanso, mpaka chisanza chakuda chinatuluka.

"Nayu mdani," anatero akuchiimika m'mwamba. "Simvula, simbalame. Pali munthu anatseka paipi ya bambo dala. Munthu wanjiru, wopanda mutu. Mukumudziwa?"

"Ndikumudziwa."

"Akadali moyo?"

"Ali moyo. Wanenepako."

"Nditengereni kwa iye lero lomwe."

"Tayambani mwachifunyulula."

Mtchona anachifunyulula. Chinali ndi kolala, ndi mabatani awiri.

"Malaya anu a kwaya," anatero mlamuyo. "Paja bambo anali ndi lamulo lawo: mvula yoyamba isanagwe, paipi itsekedwe, kuti fumbi ndi zitosi za padenga zisalowe mumgolo wa madzi. Ikagwa kamodzi n'kutsuka malata, mutsegule. Munatseka m'mawa wa tsiku limene munanyamuka. Ine ndinagwira makwerero omwewa. Munati, 'Alamu, musakhudze kalikonse, ichi ndidzachotsa ndekha, ndibwera pakatha milungu itatu.'"

Mtchona anatembenuza malayawo m'manja.

"Milungu itatu itatha, bwanji simunachotse?"

"Simunabwere."

"Chaka chitatha?"

"Simunabwerebe. Ndinaona kuti mwachedwa, koma kuchedwa kwanu sikunasandutse malayawo kukhala anga."

Pamenepo m'paipi munamveka kulira ngati m'mimba mwa munthu wanjala. Madzi anatsika mwamphamvu, nafika pakati pamene dzimbiri linadya, paipi n'kung'ambika, madzi onse n'kuthira khoma lomwe lija.

"Mwaona," anatero Mtchona. "Ikugwirabe ntchito."

"Yang'ambika."

"Dzimbiri la masiku ano." Anapukuta manja pamalaya a kwaya aja. "Palibe vuto. Paipi yatsopano, misomali, laimu wopaka khoma, mawindo tisiye otsegula. Loweruka adzapeza paradizo. Ndithamangire kusitolo ya zitsulo. Inu musakhudze kanthu, ndibwera posachedwa."

Anatembenuka, natsitsa phazi kufuna makwerero. Phazilo linapalasa mphepo. Atasuzumira pansi anaona mlamu wake ataika makwererowo paphewa, akuloza kugeti.

"Alamu, mukutani?"

"Kusitolo ndipita ndine. Inu mukatuluka pageti apa, khoma ili silidikiranso."

"Nanga ine nditsika bwanji?"

"Gwafa alipo, mukamva njala," anatero mlamuyo akutseka geti bwinobwino. "Koma zakugwa zokha. Musakhudze kalikonse, alamu. Ndibwera posachedwa."