A Mabatani a Gulu la Magetsi Abwera

Abale ndi alongo, akumpingo, akuntchito ndi nonse amene mwabwera kudzatigwira mkono, malemu amene tikuwaika m'manda lerowa ambirife tinkawadziwa kuti a Mabatani. Dzina la m'kaundula lilipo, koma ngakhale mayi awo owabereka analisiya kalekale. Anabadwa m'chaka cha 1983, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa shopu ya bambo awo, amene ankakonza mawailesi. Anali achiwiri m'banja la ana anayi. Dzina la Mabatani analipeza ali aang'ono, chifukwa wailesi ya munthu ikagona patebulo, mwini wake ankaipeza mabatani onse atapotokoledwa.

Sukulu ya pulayimale ndi ya sekondale anaphunzira pafupi ndi kwawo. Pamaso pa maliro sitinama: m'kalasi sanali a kutsogolo. Aphunzitsi a masamu ankati mwanayu amaganiza ndi phazi, poti tsiku lonse linkagunda pansi pa desiki. Mu 2003 analowa sukulu ya ntchito zamanja kukaphunzira zamagetsi, ndipo atamaliza analembedwa ntchito yokonza zikepe m'nyumba zosanja za maofesi. Ntchitoyi anaigwira pafupifupi zaka makumi awiri.

Akazi awo anawapeza pantchito pomwepo. Tsiku lina chikepe chinaima pakati pa nsanja yachitatu ndi yachinayi, m'kati muli mtsikana wina amene anali sekilitale. Malemu ali pamwamba pa chikepecho ndi sipanala m'manja, anamva mtsikanayo akuimba kuti athamangitse mantha. Ankakonda kunena kuti vuto analipeza msanga, koma anachedwa dala mpaka nyimbo itatha. Anamanga ukwati mu 2008, ndipo mu 2010 Mulungu anawadalitsa ndi mwana wamkazi mmodzi.

Ukwati utatha chaka, anayambitsa gulu loimba la Magetsi Abwera. Analimo anthu atatu. Malemu ankaimba kiyibodi ndi kabokosi ka ng'oma zamagetsi, akazi awo ankatsogolera nyimbo, ndipo alamu awo, mchimwene wa mayiwo, amene tonse timawatcha a Besi, ankaimba gitala ya mawu aakulu. Kunalibe kampani kumbuyo kwawo. Ankajambula okha m'kachipinda kosungiramo katundu, matiresi awiri ataimikidwa pazenera, mwana akugona mudengu la zovala pafupi ndi khomo. Nyimbo zawo zinali zothamanga, zodzadza ndi timaphokoso tonyezimira ta makina. Ngakhale nyimbo yodandaula kuti wokondedwa wakusiya, munthu unkavina uku ukupukuta misozi. Wina akawafunsa chifukwa chake saimbako zodekha, malemu ankayankha kuti, "Chisoni nachonso chili ndi miyendo, chipatseni bwalo."

Kumpingo anali okhulupirika, ndipo ankaimba kiyibodi m'mapemphero a m'mawa. Khalidwe lothamanga lija sankalisiya pakhomo. Abusa akale anawaitanapo kuseri n'kuwauza kuti, "A Mabatani, kumwamba tikafika ndithu, koma osati pa njinga yamoto."

Loweruka lina masana, mu 2016, atatu onse ali m'kachipinda kaja kujambula nyimbo yatsopano, akazi awo anaima pakati pa ndime yachiwiri. Anagwira mutu nati, "Taimani kaye, mutu ukundiwawa. Ndimwe madzi, ndikubwera." Kukhitchini sanafike. Madokotala anati mtsempha unaphulika m'mutu. Makina ojambulira anali asanazimitsidwe, choncho mawu omalizawo anatsala m'kompyuta, pamodzi ndi phokoso la chitseko.

Tonse tinkayesa gululo lathera pomwepo. Koma patatha miyezi itatu malemu anavomera kukaimba paphwando lina. Anaimika chitsulo cha maikolofoni pakati pa nsanja, popanda munthu, nadina batani, ndipo mawu a akazi awo anatuluka m'masipika, oyera ngati alipo. Amene sankadziwa anavina mpaka thukuta kamukamu. Amene tinkadziwa tinangogwira mipando. A Besi anaimba nawo kanayi, ulendo wachisanu anaika gitala pansi. Anati, "Alamu, mlongo wanga ndinamuika m'manda ndi manja angawa. Sindingamamuike Loweruka lililonse." Malemu anayankha kuti, "Ine ndikasiya kudina, ndiye kuti wapitadi." Kuyambira tsiku limenelo awiriwa sanalonjerane zaka zisanu ndi zitatu.

Malemu anapitiriza okha. Gulu linatchuka koposa kale, ndipo achinyamata ambiri ankafunsa kuti woimbayo amabisala kuti. Anthu anawabweretsera atsikana a mawu abwino, iwo anawabweza onse mwaulemu. Za kukwatiranso sankafuna n'kumva komwe. Ankatiuza kuti kuimba ndi womwalira n'kovuta, chifukwa iye sakudikira ukachedwa, ndipo ukalakwitsa satembenuka kuti akuseke.

Amene anasenza katundu wolemera ndi mwana wawo. Mayi ake anamusiya ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi, bambo ake ankadzitsekera m'kachipinda kaja n'kuyatsa nyimbo yosamaliza ija, kufika pamene mayi ake amati "ndikubwera", kenaka n'kuibwezanso poyambira. Azakhali ake anamupezapo mwanayu ataima pakhomo ndi kapu ya madzi, akudikira kuti mayi ake atsegule. Atakula anasiya kunyamula madzi, koma Lamulungu masana sankakhalanso pakhomo. Izi tazinena ndi chilolezo chake, pakuti iye mwini ndiye anati tisabise.

Chaka chatha malemu anayamba kuwonda ndi kutupa mapazi. Kuchipatala anapeza kuti chiwindi chawonongeka ndi khansa, ndipo matendawo anali atapita kale patali. Ntchito anasiya mu Okutobala. Zala zitayamba kukana mabatani, anatuma mwana wawo kukaitana a Besi. A Besi anabwera tsiku lomwelo, atanyamula gitala yomwe inali itachita fumbi. Sanaimbe. Anakhala pamphepete pa bedi n'kumawasisita alamu awo mapazi, ndipo malemu anati, "Mwakalamba, alamu." A Besi anati, "Inu ndiye mwasanduka nsambo ya gitala." Anaseka onse awiri mpaka chifuwa chinawagwira odwalawo. Kuyambira pamenepo a Besi ndi amene ankawasambitsa ndi kuwatembenuza.

Kutatsala masiku atatu kuti atisiye, malemu anapempha kuti awanyamule kupita m'kachipinda kaja, ndipo anakhalamo okha kanthawi. M'mawa mwake mwana wawo anafuna kuwayatsira nyimbo kuti asangalale, koma kompyuta inakana kutseguka. Mawu achinsinsi otsegulira anali atasinthidwa. Anapita kukawafunsa kuti, "Ababa, mwalembapo chiyani?" Malemu anamugwira dzanja nati, "Wamva zokwanira, mwanawe. Ndinakulera ndi khutu limodzi, linalo lili kwa mayi ako, undikhululukire." Anamwalira Lachiwiri m'mawa, kunyumba kwawo, ali ndi zaka 42.

Nyimbo zimene gululi linatulutsa zilipo, ndipo muzizimvabe m'mashopu ndi m'maphwando. Mukazimva vinani, eni ake ankafuna zomwezo. Koma mawu onse amene anali m'kompyuta ija atsekeredwa momwemo. Mnzawo wina wakuntchito anadzipereka kuti akhoza kuitsegula. Mwanayo anamuthokoza, nati aisiye momwe bambo ake anaisiyira.

Malemu asiya mwana wamkazi mmodzi, wa zaka khumi ndi zisanu. Asiya mayi awo owabereka, amene lero akuika m'manda mwana amene ankayembekeza kuti ndiye adzawaike. Asiya achimwene awo aakulu, achemwali awo awiri, ana a abale awo asanu ndi mmodzi, apongozi awo aakazi, ndi alamu awo a Besi, amene tsopano atsala okha m'gulu la anthu atatu.

Yendani bwino, a Mabatani. Mzimu wawo uuse, apumule mu mtendere.