Mtsikana Amene Sanalire Pamsonkhano

Msonkhano utatha, anthu akutuluka mu holo ya tchalitchi, bambo wina anayamba kucheza ndi mayi amene anali naye pafupi.

"Mtsikana walankhula uja akuti anamunamiza za ntchito n'kukamugulitsa kunja. Koma osagwetsa ngakhale msozi umodzi! Timukhulupirira bwanji?"

"Bambo, misozi anaithera pamiyendo pangapa, zaka ziwiri zathunthu. Ndine mayi ake."

"Pepani, mayi."

"Okonza msonkhano anamupempha kuti alireko, anthu agwidwe chisoni. Iye anati, 'Ambuye anandipukuta kale misozi, ndabwera kudzachenjeza.' Mwana wanga ameneyo!"

"Mayi, wanena zija zoti ogulitsa anthuwo amayamba n'kukusungira pasipoti... nanenso mwana wanga wapereka yake dzulo. Akunyamuka Loweruka."

"Tiyeni, bambo, mwana wanga akadali m'katimo. Mukamufunse chilichonse, sachita manyazi ameneyo."